Chitseko cha Mwini Chigayo

"Wabodza mwana ameneyu! Wabodza, ndipo sindikudziwa kumene walitenga bodza lotere!"

Bambo ake Wayilesi anamenyetsa buku pathebulo lodulirapo nsalu mpaka chitini cha mabatani chinadumpha. Magalasi akuda owotcherera zitsulo anali adakali pachipumi, thukuta lili kamukamu. Akazi awo, amene aliyense m'deralo ankangowatchula kuti a Telala, anachotsa phazi pachopondera cha makina, nayang'ana mwana wawo amene anali ataima pakona, dzanja lili patsaya.

"Mwamumenya?"

"Ndamukhudza pang'ono. Mukanakhala inu mukanatani? Wabwera mwini chigayo kudzaona chitseko chake chimene ndikumukonzera. Ine pofuna kudzitama ndati, iwe Wayilesi, tatenga buku uwawerengere abambowa. Mwana kuwerenga ngati madzi, nkhani ya mbuzi yolowa m'munda, osapunthwa ngakhale pamodzi. Munthu uja kusuzumira m'bukumo, n'kuyamba kuseka. Akuti, 'Amisiri, tsamba ili ndi la nkhani ya sitima, mbuzi mulibemo.' Manyazi ake! Ndinangoti nthaka ing'ambike ndilowe."

A Telala nawonso ankakhulupirira kuti mwana wawo amatha kuwerenga. Akamasoka, mtsikanayo ankakhala pamphasa buku lili pamiyendo, mawu akutuluka bwinobwino, iwo mtima uli phee. Dzina loti Wayilesi anamupatsa ali wamng'ono chifukwa chilichonse chimene wamva, kaya nyimbo, kaya ulaliki, kaya kukangana kwa anthu apafupi, ankachibwereza chonse, ndi kutsokomola komwe.

"Ndiye mwana woti wasunga buku lonse m'mutu, kuyambira chikuto ichi mpaka icho, inu mwamupatsa khofi?"

"Kalasi yachitatu, amake mwana! Kalasi yachitatu osadziwa kuti iyi ndi mbuzi, iyi ndi sitima. Kuchipatala ndinapita naye, anamuunika m'makutu, akuti amamva kuposa ine ndi inu. Aphunzitsi ake anandiuza kale kuti mutu ndi wouma, ine n'kumawatsutsa. Basi, zakwana. Achemwali akhala akundipempha mwana woti akawalerere khanda. Sukulu zikatsekera abwera kudzamutenga. Akaphunzire ntchito. Ukaipa dziwa nyimbo."

"Nyimbo ndiye akuzidziwa kale, n'zimene mwamumenyerazi."

"Musandiyankhe zamwano."

"Si mwano, abambo. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akabereke mwana mnzake kumsana? Alamu anga ndimawakonda, koma mtsikana amene anali kumeneko chaka chatha anabwerako bwanji? Manja ali ngati a nkhalamba. Wanga ayi."

"Wanu nokha? Ine ndinangomutola?"

Bambowo anatuluka, ndipo posakhalitsa chopalira zitsulo chinayamba kulira kushedi kuseri kwa nyumba, monga chinkachitira nthawi zonse mwini wake akasowa poyankha.

M'mawa mwake a Telala anafunditsa makina nsalu, naulunjika wa kusukulu osauza munthu. Adakali pamsewu anayamba kumva kalasi yachitatu. Aphunzitsi ake ana ankawatchula kuti a Bwerezani, pakuti mawu awo anali amodzi omwewo: iwo awerenge mzere, akuwe kuti "Bwerezani!", ana onse n'kuyankha pamodzi mpaka malata kunjenjemera. A Telala anasuzumira pawindo, nafufuza mutu ndi mutu. Mwana wawo munalibe.

Anakamupeza kuseri kwa kalasiyo, pamodzi ndi ana ena angapo, akuthirira dimba la masamba la aphunzitsi. Ena ankaseweretsa madzi. Wayilesi anali atatula ndowa yake pansi pa windo, waima njo, milomo ikuyenda limodzi ndi anzake a m'katimo. Ha! Ndiye kuti buku lija analiphunzira chonchi, kudzera pawindo, masamba ake osawaona n'komwe. A Telala analunjika kukhomo la kalasiyo. Misozi inabwera, koma mkwiyo unaitsogolera.

"Aphunzitsi, ndinakutumizirani mwana kapena waganyu?"

A Bwerezani anatulukira pakhomo, choko chili m'manja. Sanali munthu woipa nkhope, anali munthu wotopa.

"Mayi, taonani nokha m'katimu. Ana ali ngati nyerere, ine ndili ndekha. Amene mitu yawo ndi youma ndimawapatsa ntchito yamanja kuti asachedwetse anzawo. Aliyense ali ndi mphatso yake."

"Mphatso ya mwana wanga ndi yothirira masamba anu? Akakula masambawo mumadya ndi ndani?"

Mawu anakwera, ana anadzaza m'mawindo. Amene anadzaleretsa anali mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mayi wamfupi wamagalasi amene ankabwera panjinga, ana n'kumamutchula kuti a Madamu a Njinga. Anawagwira dzanja a Telala, naitana Wayilesi, onse atatu n'kukakhala pansi pa mtengo kutali ndi phokoso.

"Mwanawe, tayang'ana kuno. Nena kuti sopo."

"Sopo."

"Tsopano chotsapo so. Chatsala n'chiyani?"

Wayilesi anaganiza, nayang'ana amayi ake, kenako anati, "Mukachotsa sopo patsala madzi okha."

A Madamu anaseka, koma sikunali kuseka konyoza. Anamuyesanso ndi mawu ena. Anamufunsa ngati "bala" ndi "pala" akuyamba mofanana, mwana anati eya, kenako ayi, kenako anangozyolika. Atamuuza kuti anene nkhani ya sitima, anainena yonse osapuma.

"Mayi, mwana uyu si wogontha, si waulesi, ndipo mutu wake ndi wakuthwa kuposa ambiri ali m'katimo. Vuto lake kusukulu ya uphunzitsi tinkalitchula kuti disilekisiya. Ine ndi inu tikamva mawu oti kabudula, mutu umawadula wokha, ka, bu, du, la, ife osadziwa n'komwe kuti tadula. Iye mawu amamufika athunthu, osaoneka polumikizira. Tsono malembo ndi zizindikiro za tizidutswa timeneto. Mungamuuze bwanji kuti chilembo ichi chikuimira kachidutswa aka, pamene kachidutswako sakukamva pakokha? Ndiye muwonjezere chikhamu chikukuwa pamodzi, zonse zimangosanduka phala."

A Telala anati, "Ndiye kuti akuona diresi, koma msoko sakuuona."

"Mwatero kumene."

"Msoko ndiye timasula, Madamu. Mankhwala ake alipo?"

"A botolo palibe, ndipo sindikunamizani kuti zidzatheratu. Koma amaphunzira. Pamafunika malo a phee, kulankhula pang'onopang'ono iye akuona milomo yanu, ndi chinthu choti azigwira kapena kuponda pa chidutswa chilichonse, kuti chimene khutu likuphonya thupi limuuze. Muyambe ndi kudula mawu, malembo abwere pambuyo. Ine ndizimuona pa nthawi yopuma, ndipo za dimbazi ndikazitula kwa akulu a sukulu. Koma ntchito yaikulu ndi ya kunyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masana a tsiku lomwelo a Telala anamukhazika Wayilesi pampando wa makina, nachotsa lamba kuti singano isayende.

"Ika phazi apa. Ndikanena chidutswa, iwe ponda kamodzi. Ma."

Mwana anaponda.

"La. Ya. Waponda kangati?"

"Sindinawerenge."

"Tiyambirenso."

Anayambiranso, nayambiranso. Pa kuponda kulikonse a Telala ankaika batani limodzi pathebulo, kuti mwana aone ndi maso kuti malaya ndi mabatani atatu, sopo ndi awiri. Akabisa batani loyamba m'dzanja n'kufunsa chimene chatsala, Wayilesi ankaluma mlomo, phazi likufunafuna chopondera. Masiku oyamba zinali zolira. Mwana ankataya mabatani pansi n'kunena kuti bola angopita kwa azakhali. Amayi akenso, tisawanamizire ungelo, tsiku lina anakalipa kuti, "Iwe, ngakhale nkhuku ikanamva!" Atatero anakatsekera kuchipinda n'kudzitukwana okha, kenako anabwerako, natola mabatani aja limodzilimodzi, n'kupepesa mwana wawo.

Makasitomala anayamba kudandaula. Mayi wina amene ankadikira diresi lake anati, "A Telala, mwatsegula sukulu? Tiuzeni tikasoketse kwina." Iwo anangoti, "Pepani mayi, mawa mulipeza," ndipo ankadzuka kusanache kuti amalize zimene masana zawadutsa.

Chovuta china chinali chopalira zitsulo. Chikangolira, Wayilesi ankasokonezeka, "ta" ndi "da" n'kukhala chimodzimodzi.

"Abambo, simungazimitse kanthawi kochepa mwana akamaphunzira?"

"Ndizimitse ntchito chifukwa cha masewera a mabatani? Mudya mabataniwo?"

Koma tsiku limene Wayilesi anakuwa kuti, "Po! Amayi, patsala po! Mukachotsa so patsala po!" n'kuyamba kuvina pakhonde, kushedi kunali zii. Mawa lake nthawi yomweyo kunalinso zii. A Telala atafunsa, amuna awo anayankha nkhope ili kumbali kuti magetsi akuvutavuta masiku ano. Babu la m'shedimo linali likuyaka pamwamba pa mutu wawo. A Telala analiona, nabwerera ku mabatani aja.

A Madamu a Njinga anawapatsa malembo olemba pa timakatoni, ndipo batani lililonse linayamba kukhala ndi malembo ake. Zidutswa zosavuta monga "ma" ndi "ko" mwana anayamba kuzigwira. Zimene zinkamuzunza ndi zija zopiringizana, za "mwa" ndi "nkha" ndi "mphu". Iye ankati zimenezo ndi mfundo za ulusi, ukakoka zimangolimba.

Sukulu zili pafupi kutsekera, a Telala anaiyambanso nkhani ija.

"Mwana akuyesetsa, mwaona nokha. Auzeni alamu afune wina."

"Ndinalonjeza kale. Ndikhale munthu wa malilime awiri kwa mlongo wanga? Komanso ndidziwa bwanji kuti si bodza lina? Uyu mukamuuza chinthu kamodzi, mawa akuuzani ngati wawerenga."

"Ndiye mulembereni nokha mawu oti sanawamvepo. Akawerenga, akhale."

"Akalephera?"

"Akalephera, mwana ndi wanu."

Azakhali anafika m'mawa wa tsiku lotsatira kutsekera kwa sukulu, atavala nsapato zazitali, chikwama chili pamkono. Sanafune ngakhale kukhala pansi. Anati basi yobwerera sidikira munthu, ndipo khanda alisiya ndi mnzawo woyandikana naye nyumba. Kachikwama ka Wayilesi kanali kale pakhonde, amayi ake atalongedzamo madiresi awiri.

"Achimwene, zamayesozi n'zachiyaninso? Mwanayu kwathu akadya bwino, akagona pabedi. Sukulu si ya aliyense. Inu ndi ine tinafika nayo pati, nanga tafa?"

"Achemwali, ndinawalonjeza amake. Sizitenga nthawi."

Chitseko cha mwini chigayo chinali chitatha, chachitsulo, chachikulu, atachitsamiritsa pakhoma la shedi kudikira ngolo yodzachitenga. Bambo ake Wayilesi anatola choko cholembera miyeso, naima patsogolo pake, nakanda m'mutu. Tsono munthuyu anali ndi chizolowezi chimodzi chimene iye mwini sankachidziwa: sankatha kulemba pakamwa pali potseka. Ngakhale muyeso wa windo ankaunong'ona polemba. Ndiye uku choko chikuyenda, milomo nayo inkayenda, motsitsa koma momveka: "Chitseko... cha mwini... chigayo... chichoka... mawa."

A Telala anamva. Anayang'ana mwana wawo, naona kuti nayenso wamva, pakuti khutu limene linkatola buku lonse kudzera pawindo silikanaphonya mawu a bambo ake ali pafupi chonchi. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe chakuba. Mulungu ndi wabwino, anatero mumtima. Ingonena mwanangu, ingonena, tithane nazo.

"Eya, werenga," anatero bambowo, napatuka.

Wayilesi anayandikira chitseko chija. Anapisa dzanja m'thumba la diresi momwe munali mabatani ake, naika chala cha dzanja linalo pansi pa malembo oyamba. Phazi lake lamanja linayamba kuponda fumbi ngati pali chopondera.

"Chi." Anaponda. Anakhala nthawi, milomo ikuyesa mosatulutsa mawu. "Se... ayi. Tse." Anaponda. "Ko. Chi, tse, ko. Chitseko."

"Mpaka dzuwa lilowa," anatero azakhali, akuyang'ana kumsewu.

"Cha." Limeneli linabwera msanga. Chala chinasunthira pa mawu achitatu, n'kuima. Inali mfundo ija. "Mi... wi... mu..." Phazi linali m'mwamba, osatsika. Thukuta linayamba kutsika m'mphepete mwa khutu. Anayambiranso, nakakamira pomwepo. A Telala anafinya nsalu yawo mpaka zala kuwawa. Ankafuna kukuwa kuti, iwe, si wamva kale? Wayiwala chiyani? Koma nkhope ya mwanayo sinali ya munthu woiwala.

Kumsewu basi inaliza hutala. Wayilesi anatsitsa chala, natembenuka.

"Apa pandikanika, ababa."

Anapita pakhonde, nanyamula kachikwama kake, nabwera kudzaima pafupi ndi azakhali ake. A Telala analephera kudzigwira.

"Mwana iwe, bwanji osangonena? Unamva!"

"Anamva chiyani?" anafunsa bambowo.

Wayilesi anayang'ana pansi. "Polemba paja mumanena, ababa. Mwalemba kuti chitseko cha mwini chigayo chichoka mawa. Ndinamva zonse. Koma inu munati ndiwerenge. Ndawerenga awiri okha, enawo ndangowamva." "Sindifuna muzinditchulanso wabodza."

Ngakhale azakhali anasiya kuyang'ana kumsewu. A Telala anachita manyazi ndi pemphero lawo lija, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera kunyada kumene sanakumvepo chibadwire. Kamwana aka, koonda ngati bango, khomo lothawira linali pululu patsogolo pake, iko n'kulitseka ndi manja ake.

Bambo ake Wayilesi anayang'ana choko chili m'manja mwawo, nayang'ana malembo aja, kenako tsaya la mwana wawo, lomwe lija. Anavula magalasi akuda pachipumi, nayamba kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali, chonsecho magalasiwo analibe fumbi.

"Achemwali," anatero, "basi ikusiyani."

"Nanga mwana?"

"Mwana ali ndi ntchito kuno. Mundikhululukire, ndidzabwera ndekha kudzapepesa kwa amuna anu. Wolera khanda tifune wamkulu, ndithandizapo."

Azakhali anamuyang'ana Wayilesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napukusa mutu. "Ine pa msinkhu umenewu ndikanangonena," anatero, ndipo anamusisita pamutu asanathamangire basi yawo, nsapato zija zikuwapinda m'fumbi.

Bambowo anatenga kachikwama m'manja mwa mwana wawo n'kuwapatsira a Telala. Kenako anakoka chitini chopanda kanthu cha penti, nachigadabuza, nakhalapo pafupi ndi chitseko.

"Bwera kuno, mayi wanga. Pakukanika ndi pati?"

"Apa."

"Amake mwana, zimatheka bwanji? Ndiponde ine kapena aponde iye?"

"Aponde iye. Inu nenani pang'onopang'ono, akuoneni milomo. Koma musamuuze lonse."

Ali m'kati moyesa, mwini chigayo anatulukira pangodya ya shedi, akupukuta ufa m'manja. Anati wapeza ngolo lero lomwe, bwanji angonyamuliratu chitseko chake, apake penti madzulo.

"Pepani bwana," anatero bambo ake Wayilesi osadzuka pachitini paja. "Chitseko sichinathe."

"Sichinathe bwanji? Ndikuchiona chili bwinobwino ichi."

"Kwatsala mawu anayi."